Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Za Usiku Woyamba wa Wodwala Wochokera ku Fiyeta

Olemekezeka a Nduna,

Ndi ulemu wonse umene uyenera mpando wanu, ndiponso ndi mantha a munthu wamba amene sanazolowere kuyankhula pabwalo la akuluakulu, ine amene ndinatumikira ngati namwino m'zipatala za m'maboma kufikira tsiku limene ndinapuma pa ntchito, ndaona kuti n'kwabwino nditule pamaso panu nkhani imene imakambidwa monong'ona m'makhonde a zipatala ndi m'masiwa, koma siifika kawirikawiri m'makutu a iwo amene agwira chiwongolero cha dziko. Nkhaniyo ndi ya anthu amene amalowa m'fiyeta ali moyo, natulukamo ali moyo, opaleshoni itayenda bwino monga mwa zolemba za dokotala, koma kusanache amapezeka atatsirizika pa bedi la m'wodi, magazi awo atathera m'mimba kapena pa matiresi popanda wozindikira pa nthawi yake. Ndalemba poyera, osati kuti ndinyazitse munthu, koma chifukwa mankhwala a vutoli ali m'manja mwa anthu ambiri, kuyambira inu amene mumasaina za ndalama kufikira mayi wa kumudzi amene amagona pa simenti pambali pa bedi la mwana wake.

Kuti musayese kuti awa ndi madandaulo chabe a nkhalamba yosowa chochita, lolani ndiyambe ndi zimene analemba anthu ophunzira kundiposa. M'chaka cha 2003 magazini ya madokotala ya ku Britain, BMJ, inasindikiza kafukufuku wa Dr Paul Fenton ndi anzake, amene anatsatira maopaleshoni 8,070 obereketsa amayi, aja tonse timangoti siza, ochitidwa m'zipatala za m'maboma ndi m'zipatala zazikulu za dziko lathu lino. Amayi 85 anamwalira, ndipo chimene chiyenera kutigwetsa nkhope n'chakuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse mwa iwo sanafere pa tebulo la m'fiyeta, koma m'wodi, bala litasokedwa kale. Patapita zaka 15, mu 2018, magazini ina, The Lancet, inatulutsa zimene anapeza Pulofesa Bruce Biccard wa ku Cape Town ndi anzake ambirimbiri atayang'ana odwala 11,422 m'zipatala 247 za m'maiko 25 a mu Africa: ngakhale odwala athu anali a zaka zochepa ndi a matupi olimba poyerekeza ndi a kumaiko ena, imfa zawo pambuyo pa opaleshoni yochita kukonzekera zinali zowirikiza kawiri, ndipo mwa anthu 239 amene anamwalira, 225 anamwalira tsiku la opaleshoni litapita kale. Si onse amene anaphedwa ndi kutaya magazi, pakuti matenda olowa m'bala nawo ali ndi gawo lawo lalikulu. Koma ofufuza omwewo atapatula amayi a siza okha, anapeza kuti ngozi ya imfa ya mayi wa mu Africa ndi yochuluka pafupifupi ka 50 kuposa ya mnzake wa kumaiko olemera, ndi kuti kutaya magazi ndiko kunali patsogolo pa zovuta zazikulu zimene zinawagwera.

Sindinadze kudzatsutsa manja a ochita opaleshoni. Dziko lino, limene linakhala zaka zambiri lopanda sukulu yakeyake ya madokotala kufikira College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, lapulumutsa amayi ndi ana osawerengeka kudzera mwa ma clinical officer, amene mpaka lero ndiwo amachita siza zambiri m'maboma, nthawi zina magetsi atazima, wina akuwaunikira ndi tochi. Luso lilipo. Chimene chikusowa ndi maso a pambuyo pake. Pakuti chizolowezi chimene tinachilola kukula pakati pathu n'chakuti ulusi womaliza ukangomangidwa, onse amavula magolovesi nakhazika mtima pansi, wodwala nakankhidwa pa kabedi ka matayala kupita ku wodi kumene namwino mmodzi kapena awiri akulimbana ndi odwala odzaza mabedi ndi pansi pomwe. Akale anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ndipo kwa munthu wochitidwa opaleshoni madziwo sanapite kufikira atatha maola 24 oyamba.

Pali zifukwa zomveka zimene bala louma m'fiyeta limayambira kuchucha m'wodi. Pa nthawi ya opaleshoni mankhwala ogonetsa, makamaka jakisoni wa pamsana uja, amatsitsa BP, kotero kuti timitsempha todulidwa timaoneka ngati tatseka. Koma mankhwala akatha mphamvu, wodwala nafunda, namva ululu, natsokomola kapena kusanza, BP imakwera, magazi oundana amene anatseka pakamwa pa mtsempha amakankhidwa, kapena mfundo ya ulusi imapulumuka. Kwa mayi wa siza palinso chiberekero, chimene pa mapeto a mimba chimalandira magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo pa mphindi iliyonse, ndipo chikalephera kulimba mwana ndi nsengwa zitatuluka, makamaka mayi atavutika maola ambiri pobereka kapena atanyamula mapasa, malo amene panali nsengwa amatsala ngati bala lotseguka. Kulinso kutaya magazi kwa mtundu wina kumene kumadza mochedwa, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, mafinya atadya khoma la mtsempha, ndipo nthawi imeneyo wodwala amakhala ali kale kumudzi, kutali ndi msewu.

Tsono, Olemekezeka, apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mundipirire ndikachedwapo. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70 ali ndi magazi okwana ngati malita 5. Mlengi analiumba thupi mwanzeru yoopsa, kotero kuti magazi akayamba kuchepa ilo silifuula, koma limadzisunga mwakachetechete: limafinya mitsempha ya pakhungu, ya m'manja ndi m'miyendo, ya m'matumbo ndi ya impso, kuti otsalawo apite ku mtima ndi ku ubongo, ndipo mtima umafulumira kugunda kuti ochepawo azungulire kawirikawiri. Chifukwa cha ichi munthu akhoza kutaya mamililita 750 osaonetsa kanthu koposa kugunda kwa mtima kofulumirako pang'ono. Akhoza kutaya kufikira lita imodzi ndi theka, nambala ya pamwamba ya BP yake ikadali pamene inali. Ndipo pamene BP igwa poyera kuti aliyense aone, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake limakhala litapita kale. Mayi woyembekezera, amene magazi ake amachuluka ndi pafupifupi theka pa miyezi ya mimba, ndiponso mnyamata wamphamvu, ndiwo amabisa koposa onse, ndipo akagwa amagwa kamodzi n'kamodzi. Apo ndi pamene a chipatala amati wodwala walowa mu shock, ndiko kuti ziwalo zake sizikulandiranso magazi ndi mpweya wokwanira, ndipo zayamba kufooka chimodzichimodzi mwini wake akali kupuma. Onjezanipo kuti anthu athu ambiri amafika pa mpeni magazi awo ali ochepa kale chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba, likodzo ndi kuperewera kwa zakudya, ndipo mudzaona kuti malire awo ndi afupi kuposa a odwala olembedwa m'mabuku a ku Ulaya. BP, imene tonse timaikhulupirira ngati mboni yaikulu, ndi mboni yofika mlandu utagamulidwa kale.

Mboni zofika msanga zilipo, ndipo sizifuna makina a mtengo wapatali. Ndinaziphunzira ndikali mtsikana pa ntchito, kwa sisitala wina wachikulire amene usiku uliwonse ankayamba kuyendera wodi yake pa mabedi a anthu ochokera ku fiyeta. Usiku wina tinafika pa bedi la mayi wa siza amene anali atabwera madzulo. Pa tchati chake panalembedwa BP ya 110/70, ndipo bandeji ya pamimba inali yoyera mbee. Apongozi ake, amene ankamudikira, anatiuza modandaula kuti mwanayu sakugona, akungotembenuka, akukankha bulangete, ndipo akupempha madzi akumwa kosalekeza ngakhale anamuletsa. Sisitala sanayankhe. Anakhudza nsonga ya mphuno ya mayiyo ndi kuseri kwa dzanja, kenaka maondo, napeza kuti n'zozizira ndi zonyowa thukuta. Anatsitsa chikope cha m'munsi, m'kati mwake muli mbuu. Anafinya chikhadabo, kufiira kwake nikuchedwa kubwerera. Anaika zala zitatu pamkono, maso ali pa wotchi ya pachifuwa, nawerenga 124, kugunda kwake kuli kofooka kovuta kukupeza. Anatukula thumba la mkodzo lopachikidwa pa bedi, mmene munali timadzi tochepa toderapo. Pomaliza analowetsa dzanja pansi pa chiuno cha mayiyo, pakati pa chitenje ndi pulasitiki ya matiresi, nalitulutsa lili psuu. Magazi amatsata kutsika, ndipo zitenje ziwiri zitatu zimamwa ochuluka zisanaonetse kanthu kwa munthu woimirira. Mayi uja anabwezedwa ku fiyeta usiku womwewo, ndipo tsiku lotuluka anayenda yekha kukafika pa geti, mwana ali kumsana kwa apongozi.

Zimene sisitala uja ankachita ndi zala zinali zitalembedwa kale m'mabuku. Mu 1967 madokotala awiri a ku Switzerland, Allgöwer ndi Burri, anaonetsa kuti kugunda kwa mtima ndi BP zikaikidwa pamodzi zimanena zoona kuposa chilichonse pa chokha. Mwa munthu wabwinobwino, kugunda kwa mtima pa mphindi kumakhala pakati pa theka ndi magawo 7 mwa 10 a nambala ya pamwamba ya BP. Kukayandikira nambalayo pali ngozi, ndipo kukaipitirira, monga 124 pa 110, wodwalayo ayesedwe wotaya magazi kufikira zitatsimikizika kuti si choncho. Masamu amenewa ngakhale mwana wa Sitandade 5 akhoza kuwachita. Kachipangizo koyezera BP kotchedwa CRADLE, kamene ofufuza a ku King's College London anakayesa m'maiko angapo kuphatikizapo kuno ku Zomba, kamachita masamuwo pakokha nikayatsa nyali yobiriwira, yachikasu kapena yofiira. Pambali pa izi pali kupuma mofulumira, kuyasamula pafupipafupi, mimba kutupa ndi kulimba, ululu pa nsonga ya phewa pamene magazi adzaza pansi pa chifuwa, ndi mkodzo wosafika mamililita 30 pa ola. Mwana amene wachotsedwa zotupa za pakhosi akamangomeza mate kosalekeza, ndiye kuti akumeza magazi. Munthu amene wachotsedwa chithokomiro, khosi likayamba kutupa ndi mpweya kubanika, ulusi wake uyenera kumasulidwa pa bedi pomwepo, pakuti ameneyo aphedwa ndi kutsamwa magazi asanamuthere.

Misampha yake nayo ndi yodziwika, ndipo ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka. Wodwala akamavutavuta, timati ndi ululu, natibaya pethidine, pamene kuvutako kunali kulira kwa ubongo wosowa mpweya. BP ikatsika, timati ndi jakisoni wa pamsana, ngakhale papita maola amene jakisoniyo anayenera kukhala atatha mphamvu. Tikatumiza magazi ku labotale, nambala ya mlingo wa magazi yotchedwa Hb n'kubwera yabwino, timakhazika mtima pansi, kuiwala kuti munthu wotaya magazi mofulumira Hb yake siitsika kufikira madzi atalowa m'mitsempha n'kuwasungunula. Paipi yotulutsa madzi a m'bala ikakhala youma timayamika, pamene mwina yatsekeka ndi magazi oundana, m'kati mukudzaza. Ndipo msampha woposa yonse ndi uwu: wodwala amene anavuta usiku wonse akangokhala chete, wodi yonse imati wagona tsopano, tisamudzutse. Chakudza sichiimba ng'oma.

Wodwala akazindikirika, zochita zake n'zodziwika, ndipo zimachitika pamodzi, osati china kudikira chinzake. Woyamba kuona aitane anzake mofuula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wodwala agonekedwe chagada miyendo itakwezedwa, apatsidwe okosijeni, afunditsidwe, chifukwa magazi a munthu wozizidwa saundana bwino. Aikidwe makanula awiri aakulu, a saizi 16 kapena 14, mitsempha ikadaoneka, popeza ikafota ngakhale katswiri amaifufuza pachabe. Pa kanula pomwepo patengedwe magazi opita ku labotale kuti akafananitsidwe ndi oti amuike, ndi ena pang'ono, mamililita 2, m'kabotolo kagalasi kofumbatidwa m'dzanja, amene akapanda kuundana pofika mphindi 7 akutiuza kuti mphamvu ya magazi yodzitseka okha yatha. Diripi ya Ringer's lactate kapena normal saline ithamange, paipi ya mkodzo ilowe, bala looneka lipsinjidwe ndi dzanja, chiberekero chofewa chitikitidwe ndipo mayi apatsidwe oxytocin. Komatu diripi si magazi. Kuthira madzi mwa munthu amene mtsempha wake uli chitsegukire kuli ngati kutungira mu mtsuko wobooka, pamene mkazi wanzeru amayamba wamata pobookapo. Madzi a diripi sanyamula mpweya, ndipo akachuluka amasungunula magazi otsalawo kufikira osathanso kuundana. Wodwala amene BP yake ikwera pang'ono ndi diripi n'kugwanso, ameneyo malo ake ndi ku fiyeta usiku womwewo, osati pa raundi ya dokotala ya mawa; Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pali mankhwala amodzi amene ndifuna kuwatchula ndi dzina. Tranexamic acid anapezedwa ku Japan mu 1962 ndi Dr Utako Okamoto pamodzi ndi mwamuna wake Shosuke. Mayi ameneyu cholinga chake chinali kupulumutsa amayi anzake otaya magazi pobereka, koma anakalamba asanapeze madokotala ofuna kuwayesa pa ntchitoyo, namwalira mu 2016, kutatsala chaka chimodzi kuti zotsatira za kafukufuku wa WOMAN zituluke. Kafukufukuyo, wa amayi oposa 20,000 m'maiko 21, anaonetsa kuti galamu imodzi ya mankhwalawa, yoperekedwa mu mtsempha asanathe maola 3 chiberekereni, imachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo m'chaka chomwecho cha 2017 bungwe la WHO linalangiza kuti aziperekedwa kwa mayi aliyense wotaya magazi kwambiri, wobereka yekha ngakhale wa siza. Ndi otsika mtengo, safuna firiji monga oxytocin, koma phindu lake limachepa ndi mphindi iliyonse yochedwa. Chotero mankhwala otsekeredwa ku famase, kiyi ali m'thumba la munthu amene wagona kunyumba kwake, sasiyana ndi mankhwala amene sanagulidwe konse. Akhale m'kabati ya m'wodi. Koma asasungidwe pamodzi ndi mankhwala a jakisoni wa pamsana, chifukwa timabotolo take timafanana, ndipo mu 2022 WHO inachenjeza za ngozi yoopsa yobaya tranexamic acid pamsana molakwitsa, imene yapha kale odwala m'maiko ena.

Ndifike tsono pa zimene ndikupempha, ndipo ndagwira mwendo wanu. Malangizo a ntchito amati wodwala wochokera ku fiyeta ayezedwe mphindi 15 zilizonse mu ola loyamba, kenaka motalikirako pang'onopang'ono akakhazikika. Ndipo malangizowo ndi abwino. Koma namwino mmodzi amene ali ndi wodi yodzaza, kuno mayi akubereka, uko wina akukomoka, sangaime pa bedi limodzi kanayi pa ola, ndipo chimene chimachitika, ndinene mosapsatira, n'chakuti mizere ya pa tchati imatsala yopanda kanthu, kapena imadzazidwa mbandakucha ndi manambala ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Musafulumire kumuweruza mwana wa eni ameneyo musanaime pamene iye waima. Ofufuza aja a gulu la Biccard anayesa njira yotsika mtengo m'zipatala 332 za m'maiko 28, ndiyo kuika odwala a pangozi pafupi ndi tebulo la anamwino, kupachika chikalata cha zizindikiro pa bedi, kuchulukitsa kuyeza ndi kulola achibale kukhala pambali. Zotsatira zitatuluka mu 2021 imfa sizinachepe, ndipo zipatala zambiri zinalephera kuitsata njirayo mokwanira. Ine ndimawerenga zotsatirazo motere: chikalata cha pa khoma sichigwira mkono wa wodwala, ndipo lamulo latsopano loikidwa pa mapewa a munthu wolemedwa kale limangogwa pansi. Chotero ndikupempha anthu, osati mapepala. Chipatala chilichonse chimene chili ndi fiyeta, cha boma ngakhale cha mishoni cha pansi pa CHAM, chikhale ndi chipinda chotsitsimukiramo odwala pambali pa fiyetayo, chokhala ndi namwino wakewake usana ndi usiku amene sachotsedwapo kuti akathandize kwina, makina a BP okhala ndi mabatire, kachipangizo ka pa chala koyezera mpweya, ndi wotchi ya pakhoma ya muvi wa masekondi. Anamwino oti agwire ntchitoyi alipo. Ambiri anamaliza maphunziro awo ndipo akhala pakhomo kudikira kalata yowalemba ntchito.

Pali khamu lina la alonda limene lili kale m'zipatala zathu ndipo boma sililipira kalikonse: agadiyani. Iwo ndiwo amaphika phala, amasambitsa wodwala, amataya mkodzo, amasintha zitenje; chotero iwo ndiwo amaona magazi poyamba, ndipo chifukwa cha ukhondo ndi manyazi amathamangira nazo ku mpope zitenje zonyowazo, umboni wonse nupita ndi madzi namwino asanauone. Mneneri Ezekieli analemba za mlonda woikidwa kuti aombe lipenga akaona lupanga likudza. Koma mlonda amene sanauzidwe maonekedwe a lupangalo, kapena amene anakalipiridwapo dzulo chifukwa choomba lipenga anthu ali m'tulo, adzakhala chete. Ndikupempha kuti likhale lamulo la ntchito kuti wodwala aliyense akamatuluka m'fiyeta, womudikira aitanidwe nauzidwa m'chiyankhulo chake, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga, mawu ochepa awa: manja ndi mapazi akazizira, thukuta likatuluka kopanda kutentha, akamalira ludzu, akamavutavuta kapena akangoti zii mosadziwika bwino, chitenje chikanyowa, bwerani mudzagogode, ndipo chitenjecho musachichape tisanachione. Gadiyani salowa m'malo mwa namwino, ndipo kumulola kungokhala pambali pa bedi osamuphunzitsa n'kosakwanira; koma maso amene sagona usiku wonse chifukwa cha chikondi si chinthu choti dziko losauka lichitaye.

Lipenga likalira, womva adzuke. Apa ndikhudza chilonda chimene anzanga a ntchito sakonda kuti chikhudzidwe. Namwino wamng'ono amaopa kudzutsa clinical officer amene waima pa tebulo tsiku lonse, chifukwa amadziwa mawu amene angalandire. Ndipo wochita opaleshoni naye amachita manyazi kubwerera m'mimba mmene watulukamo madzulo omwewo, poyesa kuti kubwererako n'kuvomera kuti analakwitsa, pamene mtsempha kutsegukanso kumagwera ngakhale akatswiri a m'zipatala zotchuka za dziko lapansi. Pakati pa mantha a uyu ndi manyazi a uyo, wodwala amaonjezeredwa diripi ina, naonjezeredwanso ina, mpaka tambala kulira. Kalata imodzi yochokera ku ofesi yanu, yopita kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma onse 28, ikhoza kuthyola goli limeneli. Inene poyera manambala amene akaoneka namwino ayenera kuitana popanda kupepesa. Inene kuti woitanidwa afike pa bedi ndi mapazi ake, osati kulamula pa foni. Inene kuti akapanda kufika, namwino ali ndi ufulu woitana wamkulu wotsatira popanda kuimbidwa mlandu wa mwano. Amene ali pa kolo azigona pa chipatala pomwepo, ndipo foni ya m'wodi izikhala ndi mayunitsi. Pa misonkhano younika imfa za amayi, funso loyamba lisakhale lakuti walakwa ndani, pakuti funso limenelo limaphunzitsa anthu kukonza matchati. Likhale lakuti ndi ola liti limene kugunda kwa mtima kunayamba kukwera, ndipo anadziwa ndani.

Za magazi enieniwo sindichulukitsa mawu, popeza inu mukuzidziwa kundiposa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, linatichotsa m'masiku amene wodwala ankadalira m'bale yekha wopezeka pakhonde. Koma gawo lalikulu la magazi ake limachokera kwa ana a sukulu, kotero kuti sukulu zikatseka nkhokwe zimaphwa, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chimagwa pa nyengo yomwe malungo ayamba kudzaza mawodi a ana ofuna magazi omwewo. Mphekesera za anamapopa, zimene zinasautsa Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017, zinaonetsa kuti mantha a za magazi akadali pafupi m'mitima ya anthu, ndipo mantha otere sachotsedwa ndi chikwangwani, koma ndi kuona nduna, aphungu, mafumu ndi abusa atapinda malaya napereka mkono, osati pa tsiku la opereka magazi la 14 June pokha. Chipatala chochita siza chisakhale usiku ndi umodzi womwe chopanda matumba a magazi a gulu la O m'firiji yoyaka, munthu wa ku labotale wopezeka, ndi ambulansi yokhala ndi mafuta. Ndipo wodwala asatuluke m'chipatala asanauzidwe, iye ndi womudikira, kuti bala likayamba kununkha, thupi likatentha, kapena magazi akaonekanso m'sabata yachiwiri, asayambe wapita kwina kulikonse koma ku chipatala.

Pempho langa lotsiriza silifuna ndalama za boma. Mukamayendera zipatala, Olemekezeka, musamafike masana okha, pansi patakolopedwa ndi akwaya atakonzeka pa geti. Fikaninso nthawi ina 2 koloko ya usiku popanda kutumiza mthenga, mupemphe tchati cha wodwala womaliza kutuluka m'fiyeta, muone ola limene anayezedwa komaliza, muwerenge anamwino amene ali m'wodimo ndi odwala amene ali pa mabedi ndi pansi, kenaka mutsegulitse firiji ya ku labotale muwerenge matumba a magazi. Zimene mudzapeze mudzazinene ku Nyumba ya Malamulo pa nthawi yokambirana bajeti, ndipo yankho lanu pa kalata iyi ndidzaliyembekeza poyera, monga nayonso yalembedwa poyera.

Ine mtumiki wanu wodzichepetsa,

Namwino wopuma pa ntchito